Andipatsa dziwe losambiramo pa TP, ana 64: ndiyambire pati?

TP_Nchalo
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili pa TP (kuyesera uphunzitsi ndisanamalize maphunziro a ku koleji), ndikuphunzitsa Expressive Arts ku Sitandade 6. Eni malo ena ogona alendo pafupi ndi sukulu atilola kugwiritsa ntchito dziwe lawo losambiramo Lachinayi m'mawa, ahedi avomera. Ana alipo 64. Dziwelo ndi mamita 12 mulitali, 6 mulifupi, kosaya masentimita 90, kwakuya mita 1.8. Ndili ndi mapiriyodi awiri otsatizana, mphindi 70. Kusambira ndimatha, koma kuphunzitsa ana m'madzi ayi. Lesoni pulani ndiyikonze bwanji? Alekichala a ku koleji akhoza kubwera tsiku lomwelo kudzandiyesa.

Nyakwawa
Ana 64 m'dziwe limenelo? Amenewo ndi makumba m'dengu, aphunzitsi.

MadamPE
Mwanawe, lesoni pulani tiyiike kaye pambali, tiyambe masamu. Mwana wosadziwa kusambira amaphunzirira pamene madzi akumulekeza m'chiuno kapena pachifuwa, osapitirira apo. Kwa ana ambiri a Sitandade 6 amenewo ndi madzi osaposa mita 1.1. Ngati pansi pa dziwelo pakutsetsereka mofanana kuchoka pa 90 kukafika pa 180, ndiye kuti mita iliyonse madzi akuwonjezereka ndi masentimita 7.5. Mukangoyenda mamita atatu mwadutsa kale mlingo. Choncho malo anu enieni ndi mamita 3 kwa 6 basi, kwinako si kwanu. Pamenepo pokwana ana 8, ukafinyikitsa 10.

Ndiye musatenge kalasi yonse. Tengani ana 16, magulu awiri a ana 8, otsalawo akhale kusukulu ndi mphunzitsi wina. Maulendo anayi mwamaliza onse. Alekichala odziwa ntchito akupatsani malikisi chifukwa cha kugawako, osati chifukwa chodzaza ana m'madzi.

Komanso musakhulupirire zoti pansi pakutsetsereka mofanana. Madziwe ena a malo ogona alendo amayenda bwinobwino kenaka n'kugwa kamodzi ngati chiphedi. Pitani tsiku lisanafike ndi nsungwi, muyeze mita iliyonse, mulembe. Pamene pafika mita 1.1 mangani chingwe chodutsa dziwe lonse, mumangirire mabotolo otseka kuti chiyandame, ana achione.

Mzimbe_wa_Bwana
Mukuvutikiranji? Mwana wa kuchigwa kuno amabadwa akusambira. Kuli mwana wa ku Makhanga kapena ku Chiromo woti aziphunzitsidwa madzi?

MadamPE
@Mzimbe_wa_Bwana maganizo amenewo ndi amene amaphetsa ana. Kusambira kwa kumtsinje mutu umakhala pamwamba, miyendo yolendewera, manja akupalasa ngati galu, ndipo madzi oyenda ndi amene amamunyamula. Mwana wotero amatopa msanga pamadzi odikha, sadziwa kupumira pamadzi atagona chagada, nkhope ikangolowa m'madzi mwadzidzidzi amasokonekera. Ndiponso atsikana ambiri, ndi ana a kumtunda kutali ndi mtsinje ngati mbali za Ngabu, madzi amawadziwira pamjigo. Pofunsa m'kalasi kuti "ndani amatha kusambira" anyamata onse akweza manja chifukwa cha manyazi. Tsiku loyamba aliyense muzimutenga ngati sadziwa.

Wezulo
Ndiwonjezere za anthu. Mphunzitsi mmodzi sangaphunzitse uku akulondera. Pafunika akulu atatu osachepera. Woyamba ndinu, wophunzitsa. Wachiwiri ndi mlonda wa m'madzi: amaima pamphepete, wezulo pakamwa, nsungwi m'manja, salankhula ndi munthu, sagwira foni, salemba malikisi. Ntchito yake ndi maso okha. Akhale wodziwa kusambira ndi kutsitsimutsa womira. Wachitatu asunge gulu lomwe lili panja, chifukwa wogwera m'madzi kawirikawiri amakhala uja akudikira nthawi yake, wakankhana ndi mnzake pamphepete. Alekichala musawawerengere, amenewo maso awo ali pa fomu yanu.

Mwana akamamira sakuwa, saponya manja m'mwamba ngati pa filimu. Mpweya wokuwira alibe. Amaima chilili m'madzi, mutu wapendekera kumbuyo, pakamwa pakulowa n'kutuluka, manja akukanikiza madzi m'mbali. Ukayang'ana mwachisawawa umati akusewera. Mphindi imodzi siikwana, wapita pansi. N'chifukwa chake mlonda ayenera kuyendetsa maso dziwe lonse mobwerezabwereza, pansi pomwe, osati pamwamba pokha.

Mentala_Bangula
Funso langa ndi lakuti ahedi avomera pakamwa kapena polemba? Mphunzitsi wa pa TP sanalembedwe ntchito, kalasi ndi ya mentala, mphunzitsi amene akumuyang'anira pasukulupo. Chinthu chikalakwika aliyense adzati "sindinauzidwe". Pakhale kalata ya ahedi, komiti ya sukulu idziwe, a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera) adziwe, kholo lililonse lisayinire mwana wake. Mentala wanu akakana kupita nanu kudziweko, inunso musapite. Phunziro lomwelo la chitetezo cha m'madzi limaphunzitsika pabwalo.

TP_Nchalo
Avomera pakamwa, bambo. Kalata ndikapempha mawa. Nanga ineyo ndizikhala m'madzi kapena panja?

Wezulo
Panja. Uli pamwamba umaona onse asanu ndi atatu. Ukalowa m'madzi maso ako ali pamlingo wa mitu yawo, dzuwa likuthwanima pamadzi, wakumbuyo kwako sumuona.

MadamPE
Pamenepo sindikugwirizana nanu, achimwene. Kwa ana odziwa kale, inde mphunzitsi aime panja. Koma woyamba kumene sagona chagada pamadzi popanda dzanja la munthu wamkulu pansi pa mutu wake. Mphunzitsi alowe, aime mbali ya chingwe, msana kulozetsa kwakuya, nkhope kwa ana. Akatero iye mwini ndiye mpanda. Maso a pamwamba alipo kale, ndi a mlonda amene mwamutchula nokha.

Wezulo
Ngati mlondayo alipodi ndipo si mlonda wa pageti wongobwereka, chabwino ndavomera.

Klorini65
Onse akukamba za ana, madziwo palibe akuwafunsa. Kuno kukatentha, Okutobala ndi Novembala kufika madigiri 40 n'kupitirira, dzuwa limadya klorini mofulumira kwambiri. Dziwe looneka bwino m'mawa likhoza kukhala lopanda mankhwala pofika masana.

Choyamba yesani ndi maso: imani pamphepete, muone pansi pa mbali yakuya. Ngati simukuona bwinobwino chitsekero cha pansi, kapena khobidi mutaliponya, ana asalowe. Osati chifukwa cha matenda okha, koma chifukwa mwana atamira simungamuone. Madzi obiriwira, makoma oterera ukawagwira, ndi ndere zimenezo, klorini anatha kalekale.

Chachiwiri pemphani woyang'anira dziwe ayeze inu mukuona. Klorini akhale pakati pa mamiligiramu 1 ndi 3 pa lita, pH (mlingo wa asidi m'madzi) pakati pa 7.2 ndi 7.8. pH akakwera kupitirira apo klorini amafooka ngakhale alimo wambiri, ndipo madzi amachita mbuu. Akatsika kwambiri maso amawawa.

Masamu ake: 12 kuchulukitsa ndi 6, kuchulukitsanso ndi 1.35 yomwe ndi pakatikati pa kuya, zikupereka malita pafupifupi 97,000. Kuti klorini akwere ndi miligiramu imodzi pa lita pafunika magalamu 97 a klorini weniweni. Klorini wa ufa uja wotchedwa HTH mphamvu yake imakhala cha m'ma 65 pa 100 aliwonse, ndiye ndi magalamu pafupifupi 150. Athire madzulo a Lachitatu, pampu ikuyenda, ayezenso m'mawa. Ufa umathiridwa m'ndowa yomwe muli kale madzi, osati madzi pa ufa, ndipo usakhudzane ndi asidi wotsitsira pH, mpweya wake ndi woopsa. Asawaze ufa ana atatsala pang'ono kulowa. Koma imeneyo si ntchito yanu aphunzitsi, inu mungoona manambala.

Nyakwawa
Nanga magetsi akathima usiku wonse pampu iyenda ndi chiyani?

Klorini65
Ndiye chifukwa chake ndati ayezenso m'mawa. Pampu ikagona madzi sasefedwa, mankhwala sasakanikirana. Akachita mbuu, phunziro lisamukire pakapinga.

Mzimbe_wa_Bwana
Dziwe lonunkha klorini kwambiri ndiye laukhondo, mphuno ikukwana.

Klorini65
Ayi bwana, n'zosemphana. Fungo loboola mphuno lija limabwera klorini akasakanikirana ndi thukuta ndi mkodzo. Ndi lomwenso limafiiritsa maso. Dziwe losamalidwa bwino silinunkha kwambiri. Ana apite kuchimbudzi kaye, asambe thupi lonse pampopi, atsuke mapazi, kenaka alowe.

Namwino_Nsanje
Pa kalata ya makolo ija pakhale mafunso awa: mwana amadwala khunyu? Mphumu? Khutu limatuluka mafinya? Watsegula m'mimba masiku apitawa? Wotsegula m'mimba asalowe, ndipo ndi bwino adikire masabata awiri chilekereni, popeza pali tizilombo tina tomwe klorini sapha msanga. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira. Wa zilonda zosapola, maso ofiira otuluka manthongo, zipere zosalandira mankhwala, ayambe wachira.

Wa khunyu musamuchotse pagulu pamaso pa anzake ngati wodetsedwa, khunyu sapatsirana. Koma asalowe popanda chilolezo cha kuchipatala komanso munthu wamkulu wakewake woima naye pafupi, womufikira ndi dzanja. Akagwa khunyu ali m'madzi, gwirani mutu nkhope ikhale pamwamba mpaka kugwedezeka kutatha, mutulutseni, mugonekeni chammbali, musaike kanthu m'kamwa, mupite naye kuchipatala.

Ana achialubino: malaya a manja aatali ngakhale m'madzi, mafuta oteteza kudzuwa apakidwe mphindi 20 asanalowe ndi kubwerezanso akatuluka, podikira akhale pamthunzi ndi chipewa. Ambiri saona bwino patali, ndiye chingwe chija akachigwire ndi dzanja, musangowalozera.

Ndipo bweretsani madzi akumwa. Munthu ali m'madzi amatuluka thukuta osadziwa. Simenti ya pamphepete ikafika 10 koloko imawotcha mapazi, ithireni madzi.

MayiWaMotherGroup
Za atsikana mwaiwala. Sitandade 6 kuno muli atsikana oti anakula kale. Mphunzitsi wamwamuna yekha sangawatenge, makolo sangalole ndipo akulondola. Pakhale madamu kapena mmodzi wa ife. Povalira pawo pakhale patali ndi anyamata. Zovala: taiti kapena kabudula ndi tisheti yakuda yosaonekera ikanyowa. Chitenje ndi siketi ayi, zimakulunga miyendo. Amene ali kumwezi auze madamu mwakachetechete, apatsidwe ntchito yowerenga anzake kapena kuponya chingwe, asafunsidwe pagulu kuti bwanji sukulowa. Ngati n'kotheka gulu la atsikana likhale lokha. Ndipo mafoni ojambula ayi, ngakhale a eni malo ofuna kutsatsa malonda pa Facebook.

Wapabwato
Ine nkhawa yanga ndi ina. Mukawaphunzitsa ana kuti madzi ndi okoma, Loweruka akapezeka mu Shire. M'dziwe mulibe ng'ona. Ku Dambo la Njovu ng'ona ndi mvuu sizifunsa kuti unaphunzira kwa ndani.

Nyakwawa
Ng'ona zinazo n'zotumidwa, ngakhale usambire bwanji.

Namwino_Nsanje
A Nyakwawa musatiyambitse zimenezo. Ng'ona imaloweza pamene anthu amatunga ndi kuchapa tsiku ndi tsiku, imadikira pomwepo. Palibe anaituma.

Wapabwato
Komanso si Shire yekha. Ngalande za m'minda ya mzimbe, ndi ngalande yaikulu ija yochokera ku Kapichira, makoma ake ndi otsetsereka. Simenti ikamera ndere, ngakhale katswiri satuluka. Likodzonso lili m'madzi odikha momwe muli nkhono.

MadamPE
A Wapabwato, nkhawa yanu ndi yoona, koma ana ali kale m'madzimo, tiwaphunzitse kapena ayi. Amawoloka popita kusukulu, amakwera mabwato, amaweza. Madzi osefukira a 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022, namondwe Freddy mu 2023, anawapeza m'nyumba usiku. Ndiye cholinga cha phunziro loyamba si kupanga akatswiri a mpikisano. Ndi zitatu: asachite mantha nkhope ikalowa m'madzi, adziwe kuyandama chagada n'kupuma, adziwe kuthandiza mnzake iye osalowa m'madzi. Ndipo mphunzitsi anene momveka kuti zimene waphunzira m'dziwe si chiphaso cholowera mumtsinje.

@TP_Nchalo lembani. Mphindi 70 zigawike motere.

Mphindi 10 zoyamba kuyenda, kuvula, kuchimbudzi, kusamba pampopi. Itanani mayina, lembani nambala pabolodi kapena pakatoni: 16.

Mphindi 10 zotsatira, panja pa madzi. Malamulo akhale ochepa kuti awagwire: osathamanga, osakankhana, osadumphira, osadutsa chingwe, osalowa musanauzidwe. Wezulo kamodzi, imani chete muyang'ane aphunzitsi. Wezulo wautali, aliyense atuluke. Muyesere pomwepo kawiri. Aphatikizeni awiriawiri a msinkhu wofanana, mukati "mnzako!" agwirane dzanja n'kukweza m'mwamba, inu muwerenge. Kenaka kutakasa thupi pang'ono, mapewa ndi miyendo.

Mphindi 15 gulu loyamba. Alowe pamasitepe, kapena atakhala pamphepete n'kutembenuka, manja onse pakhoma, kutsetsereka chamimba. Ayende atagwira khoma, kenaka ayende osagwira, mapewa ali m'madzi. Asambe kumaso ndi manja. Apume mpweya ndi pakamwa, aviike pakamwa ndi mphuno, autulutse pang'onopang'ono mpaka thovu, kasanu. Amene madzi akumulowa m'mphuno muuzeni ang'ung'udze "mmm" nkhope ili m'madzi, mpweya wotuluka umatseka njira. Kenaka kuyandama chagada mmodzimmodzi, enawo atagwira khoma: makutu m'madzi, maso kumwamba, mimba mmwamba, manja ndi miyendo atatambasula, dzanja lanu pansi pa mutu ndi mapewa. Cholakwika chachikulu n'chakuti mwana amadzutsa mutu kuti aone mapazi ake, pomwepo matako amamira, thupi limapindika, madzi kumaso. Muuzeni ayang'ane mtambo kapena nsonga ya mtengo. Musachotse dzanja mobera, muuzeni kuti ndichotsa ndikawerenga katatu. Mukamunamiza kamodzi sadzakukhulupiriraninso.

Musaiwale kuphunzitsa kuimirira, aphunzitsi ambiri amalumpha gawo limeneli. Mwana amatha kuyandama koma n'kumwa madzi pofuna kudzuka. Apinde mawondo kubweretsa pachifuwa, chibwano kutsogolo, manja akokere madzi kutsogolo ngati akukoka mpando kuti akhalire, kenaka mapazi pansi. Chimenechi chiyambe kuyeseredwa musanamusiye yekha.

Mphindi 15 gulu lachiwiri, chimodzimodzi. Mphindi 8 onse ali panja, kupulumutsa. Mphindi 12 kuvala, kuitana mayina, mafunso awiri atatu, kubwerera. Mlonda achoke pamphepete pomalizira, atayang'ana pansi pa dziwe.

TALULAR
Zida musadandaule, zonse zili pakhomo. Zigubu za malita 5 zotseka bwino, ziwiri pa mwana, chimodzi kukhwapa kulikonse, zimathandiza poyandama. Zitsukeni kaye, za mafuta ophikira zimaterera ndi kuipitsa madzi, za mankhwala a thonje musayerekeze. Ziyeseni poziviika, zikatulutsa thovu pachitsekero ndiye kuti zikudontha. Choponya: chigubu cha malita 5 chothiramo madzi pang'ono, ngati kapu ziwiri, kuti chilemere chisauluzike ndi mphepo, chomangirira chingwe cha mamita 10. Woponya aponde nsonga ya chingwe, asachimange padzanja, aponye kupitirira womirayo n'kukoka kuti chimupeze. Nsungwi ya mamita atatu, yosalaza mfundo. Wopereka nsungwi agone chamimba kapena agwade, akaimirira womirayo amukokera m'madzi. Aipereke chammbali, asamubaye nayo pachifuwa.

Matayala a galimoto amkati aja ayi. Mwana amapyola pakati, kapena limatembenuka miyendo m'mwamba.

Wezulo
Zigubunso musazimangirire m'chiuno mwa mwana. Zikatsetserekera kumiyendo, mutu ndi umene umapita pansi.

TP_Nchalo
Ndalemba zonse. Nanga zitavuta, wina wamwa madzi, ndimufinye pamimba kuti atuluke?

Namwino_Nsanje
Ayi! Kufinya pamimba, kumuzondotsa, kumuzungulitsa mutamugwira miyendo, zonsezo zimangotaya nthawi ndipo zimabweretsa masanzi omwe amalowa m'mapapo. Womira chimene akusowa ndi mpweya.

Wezulo wautali, ana onse atuluke, wachitatu uja awasonkhanitse. Mutulutseni, mugonekeni chagada pamalo olimba. Muitaneni, mugwedezeni mapewa. Pendeketsani mutu kumbuyo, kwezani chibwano, onani ngati akupuma, osaposa masekondi 10. Kubanika kwa apo ndi apo si kupuma. Ngati sakupuma, tsinani mphuno, muuzireni mpweya pakamwa kasanu, mukuona chifuwa chikukwera. Kenaka kanikizani pakati pa chifuwa ka 30, mofulumira ngati ka 100 mpaka 120 pa mphindi, chifuwa chizilowa gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwake, mpweya kawiri, 30, kawiri, osaleka. Akasanza mutembenuzeni chammbali, pukutani m'kamwa, pitirizani. Akayamba kupuma agone chammbali, mufunditseni.

Aliyense amene wavuulidwa, ngakhale adzuke n'kumaseka, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mapapo amatha kuvuta patapita maola: kutsokomola kosaleka, kupuma mothamanga, kufooka. Ndiye galimoto kapena njinga yamoto ikhale pamalopo phunziro lisanayambe, foni ikhale ndi mayunitsi. Koma kuwerenga pano si kuphunzira. Pitani kwa a zaumoyo apafupi kapena a Red Cross akuonetseni ndi manja. Ngati mwa akulu atatu aja palibe anaziyeserapo, Lachinayi ana asalowe m'madzi.

Mentala_Bangula
Pa lesoni pulani musalembe kuti pomaliza ana adzatha kusambira, alekichala akudulani pomwepo, n'zosatheka m'mphindi 15. Lembani zooneka ndi maso: kutchula malamulo asanu, kulowa ndi kutuluka bwino, kutulutsa thovu kasanu, kuyandama chagada masekondi asanu mothandizidwa, kuponya chigubu kufikitsa pa chizindikiro. Pansi lembani pulani yachiwiri ya pamtunda ngati madzi avuta kapena kwachita mabingu.

Wapabwato
Mabinguwo musawapeputse, mitambo ya kuno imasonkhana mosachedwa ikamayandikira mvula. Kukangogunda, onse atuluke akalowe m'nyumba, osati pansi pa mtengo.

Wezulo
Ndipo mudikire mphindi 30 chigundireni komaliza. Pa mphindi 70 zanuzo ndiye kuti phunziro latha, bwererani.

TP_Nchalo
Zikomo nonse. Lachiwiri ndikayeza kuya ndi nsungwi, ndikaonanso manambala a klorini. Nditenga ana 16, madamu avomera kupita. Mlonda wa m'madzi ndiye sindinamupeze, woyang'anira dziwe akuti iye amangosesa masamba.

MadamPE
Ndiye simunapeze dziwe, mwanawe. Konzani zigubu ndi chingwe, jambulani mtsinje ndi phulusa pabwalo, Lachinayi aphunzire kuponya. M'madzi adzalowa mlonda akapezeka.

Nyakwawa
Chingwe chikhale cha pulasitiki choyandama. Cha khonje chikanyowa chimalemera n'kumira.